Maliro M'bokosi la Zinyalala

Anthu ambiri akalowa m'chitolokosi mwathu pa Chadiza amalira, ena amatukwana, ena amayamba kutchula mlamu wawo amene ati ndi bwana wamkulu ku Lusaka. Elinata sanachite chilichonse mwa zimenezi. Anakhala pansi, natambalala miyendo, n'kumangoyang'ana khoma ngati akudikira minibasi ya ku Chipata. Ine ndine Sajeni Jenipher Mbewe wa nthambi yofufuza milandu, ndipo chilema changa n'chakuti chinthu chikandidabwitsa, chakudya sichilowa mpaka nditachimvetsa. Bata la mayi ameneyu linandidabwitsa.

Mlandu wake unali wosavuta kuufotokoza. Pa boma pano pali bungwe la alimi a nshawa, mtedza uja, dzina ndisunga. Mvula itangoyamba linkatumiza mbewu ku Pembamoyo, kumene Elinata anali mlangizi wa bungwelo. Alimi ambiri sanalandire kanthu, minda inagona, ndipo komiti inati mbewuyo wagulitsa ndi iyeyo. Lolemba ankayenera kukaonekera kukhoti, ndipo tsikuli linali Lachinayi.

"Matumba ankafika operewera, a Sajeni," anatero nditakhala naye pansi. "Ulendo uliwonse operewera. Lole imatula pamsewu waukulu, ngolo n'kutenga, ine ndimawerenga akafika. Ndinkalemba ku ofesi."

"Munkalemba pa chiyani?"

"Pa imelo. Ndi lamulo lawo. Ndimakwera pachulu cha kusukulu, m'pamene netiweki imagwira."

"Ofesi ikuti chiyambire nthawi yobzala sinalandire kanthu kuchokera kwa inu."

"Ndiye mauthengawo ankagwera m'njira? Kodi imelo nayo ili ndi thumba lobooka?"

Ndinafuna kuseka, koma ndinadzigwira. Ndinamufunsa za tabuleti imene ankalembera. Anati anamulanda tsiku limene anamuimitsa ntchito, ndipo wamva kuti anafufutamo zonse kuti apatse wina.

"Foni simunaimbepo?"

"Ndinaimba kamodzi. Anandiuza kuti zapakamwa komiti silandira, ndizilemba basi."

"Anakuuzani ndani?"

"Amene anafufuta tabuleti yemweyo. Melody, wa makompyuta."

*

Woyamba kundilandira ku ofesi ya bungwe anali a Wadson, osunga nyumba ya katundu. Bambo wa imvi za m'mbali, mkulu wa mpingo, wa mawu ofewa. Anapukuta mpando ndi mpango wawo ndisanakhale.

"Nkhani imeneyi yatidwalitsa tonse, mayi. Elinata ndi mwana wathu. Koma katundu amachoka muno wokwanira, pamaso panga."

"Mauthenga a ofesi amawerenga ndani?"

"Tonse. Bokosi lake n'limodzi. Ine ndimangoona za ku Chipata m'mawa, n'kutseka. Zamakinazi zinatipeza titakalamba, ndingoyenda m'njira imene anandionetsa."

"Uthenga wa Elinata munauonapo?"

"Chiyambire mvula, ndi umodzi womwe ayi. Mulungu ndi mboni."

Panja ndinapeza Trywell, dalaivala wa lole, atagona chagada kunsi kwa galimoto. Anatuluka ali mafuta okhaokha, pakamwa patayamba kale ntchito.

"Bwana, ine ndi chiwongolero basi! Ndikafika m'mawa ndimapeza alonga kale, tenti amanga kale. Ndimasule kuti ndiwerenge? Andilipira zowerenga? Koma mzimayi uja, iyayi, anatichititsa manyazi. Mbewu tisiye kaye. A Bonaventure, amene anayambitsa bungwe lino ndi manja awo, amwalira ku Pembamoyo, iye osatiuza! Tinamva ataikidwa kale. Lole iyi inayenera kunyamula bokosi. A tcheyamani anakalipa pamsonkhano mpaka mawu kutha, tonse mitu pansi. Kuyambira pamenepo palibe anamumveranso chisoni Elinata."

"Mukutsimikiza kuti sanauze munthu?"

"Akanauza, tikanapita. Maliro n'kulirana, bwana. Ndani angamve n'kukhala?"

*

Melody ndinamupeza m'kachipinda ka kumbuyo, momwe muli mabatire a sola ndi kompyuta yakale yolira ngati firiji. Imeneyo ndiye seva, anatero, nyumba ya mauthenga onse a bungwe. Anali mtsikana wowonda, wolankhula mothamanga, ndipo manja ake sankakhazikika.

Za foni anavomera. Za tabuleti anavomeranso, nati komiti ndiyo inalamula. Za mauthenga akale anati makinawo malo ndi ochepa, zakale zimadzifufuta zokha. Mayankho onsewa anali omuika iye mwini pa moto, ndipo ankadziwa.

"Ndiuze chinthu chimodzi," ndinatero. "Uthenga ungachoke ku Pembamoyo, n'kufika m'makina muno, koma anthu osauona?"

"Pokhapokha sefa itaugwira."

"Sefa? Ya ufa?"

Apa mantha anamuchoka pang'ono, chifukwa tinafika pa ntchito yake. Anati pamene anthu a pulojekiti anawasiyira sevayo, bokosi linkadzaza ndi mauthenga achabechabe: mwapambana lotale, ngongole ya lero lomwe, mankhwala a abambo. Amati sipamu. A tcheyamani anatsala pang'ono kutumiza nambala ya akaunti ya bungwe kwa mkazi wamasiye wabodza wa kunja. Ndiye iye anaika pulogalamu yosefa, yoyendera masamu a mzungu wina wakalekale dzina lake Bayes.

"Imadziwa bwanji kuti uwu ndi wachabe?"

"Poyamba sidziwa kanthu. Umachita kuiphunzitsa. Ndinasonkhanitsa milu iwiri ya mauthenga akale, mulu wa abwino ndi mulu wa zinyalala, mazanamazana mbali iliyonse. Iyo imawerenga liwu lililonse, n'kusunga kuti lapezeka kangati uku, kangati uku. Liwu loti lotale lili m'zinyalala mokhamokha, ndiye limalemera mbali imeneyo. Liwu loti fetereza lili mwa abwino. Uthenga watsopano ukafika, imatola mawu olemera kwambiri, n'kuwayesa pamodzi. Zinyalala zikapambana mpaka kudutsa malire amene ndinaika, uthengawo umagwera m'bokosi la zinyalala, munthu osauona."

"Tanthauzo la mawuwo imalidziwa?"

"Ngakhale pang'ono. Imangowerenga."

Kunena zoona ndinachita nacho chidwi chinthuchi. Chinandikumbutsa mmene timaphunzitsira mwana kusankha nshawa: zofumbwa uku, zabwino uku, mpaka dzanja lizolowere. Koma mwana amafunsa akakayika, pamene ichi chimakhulupirira aliyense wochionetsa mulu.

"Tsopano inamaliza sukulu?"

"Simaliza. Aliyense akaona uthenga wachabe wadutsa, amaukokera m'bokosi la zinyalala, madzulo sefa n'kuphunzirapo. Zimene yagwira yokha imaphunziraponso. Pakatha mwezi bokosilo limadzikhuthula."

"Aliyense ndiye ndani?"

Analoza kalendala ya pakhoma la m'khonde. Pasiwedi ya ofesi inali yolembedwa pamenepo ndi cholembera chofiira, zilembo zikuluzikulu, kuti a Wadson asamavutike ndi magalasi. Ndinapukusa mutu. Anthu awa khomo la nkhokwe amakhoma ndi maloko awiri, koma kiyi wa mauthenga anapachika poti ngakhale wogulitsa zitumbuwa awerenge.

"Tiyese," ndinatero. Ndinatulutsa foni yanga, n'kulemba mmene Elinata akanalembera: Moni ku ofesi, kuno ku Pembamoyo ngolo zafika koma matumba ndi operewera. Ndinatumiza. Tinadikira, m'bokosi la ofesi simunafike kanthu. Ndinalembanso zomwezo m'Chingerezi, osatchula dzina la malo. Usanathe mpweya umodzi, uthengawo unali pamaso pathu.

Melody anatsegula bokosi la zinyalala. Uthenga wanga woyamba unali m'menemo, pakati pa lotale ndi mankhwala a abambo.

*

"Sindine," ananong'ona. "A Sajeni, sindine."

"Sindinanene kanthu. Mauthenga akale anapita, ndamva. Nanga zimene inaphunzira zinapitanso?"

Anandiyang'ana ngati ndamudzutsa kutulo. "Ayi. Uthenga umafufutika, koma kuwerenga kwa mawu kumatsala."

Anagogoda makinawo kanthawi, mawu n'kuyamba kutsika pagalasi, lililonse ndi kulemera kwake. Ndinamuuza afufuze liwu loti matumba. Linali kumbali ya zinyalala, lolemera kuposa lotale. Ngolo chimodzimodzi. Operewera, Pembamoyo, ngakhale moni weniweniyu, onse anali oweruzidwa kale.

Melody anagwira mutu. "Ndaona pamene ndinalakwa. Mulu wanga wa abwino unali wa Chingerezi chokhachokha, makalata a ku Chipata ndi a anthu a pulojekiti. Chichewa sindinaikemo. Ndiye mawu athu analibe mbali, anali opanda mwini. Munthu atangokokera mauthenga angapo a Elinata m'zinyalala m'mawa uliwonse ena asanawaone, palibe cholimbana nawo mbali inayo. Pakapita masiku sefa imayamba kuwagwira yokha, n'kumadziphunzitsa yokha kuwada kwambiri."

"Sizingachitike mwangozi?"

"Kamodzi inde. Koma kulemera uku ndi kwa munthu wochita kubwereza."

Wina, tsono, anakhala pansi n'kuphunzitsa makina kuti mawu a Elinata ndi zinyalala. Mtima unandiwawa, komanso ndivomere kuti nzeru yakeyo ndinaisirira. Wakuba ameneyu sanang'ambe pepala, sanaopseze munthu. Anangolera mlonda wosalankhula, wosamwa mowa, woti sangamuulule.

Koma makinawo sankadziwa dzina la mphunzitsi wake. Pasiwedi inali imodzi, ndipo Melody yemweyo akanatha kundionetsa zonsezi kuti aoneke woyera. Kukhoti akanati mawu pagalasi si umboni wakuti Elinata sanabe.

Ndinapitiriza kutsitsa mawuwo ndi chala changa, chifukwa cha chidwi chabe. Kenaka ndinaima.

"Ili likutani muno?"

Linali liwu loti maliro. Pansi pake panali atisiya. Nditamuuza afufuze dzina, linatulukanso: Bonaventure. Sefa inakumana nalo kamodzi kokha, sabata imene mkuluyo anamwalira, ndipo inaliika kuzinyalala.

*

Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho Lachisanu m'mawa ndinakwera njinga yamoto ndekha kupita ku Pembamoyo. Cholinga changa chinali chaching'ono: ndimve kwa anamfedwa ngati anatumadi Elinata kuti adziwitse ku boma. M'njira ndinadutsa minda yambiri ya mizere yokonzedwa bwino koma yomera udzu wokhawokha, ndipo sindinafunikire wondiuza kuti ndi ya amene anadikira mbewu.

Amayi Idesi, mkazi wa malemuwo, ndinawapeza pakhonde akutola miyala m'nyemba. Tinapatsana moni wautali, ndinapepesa za maliro, kenaka ndinafunsa.

"Tinamutuma, mwananga. Bambo anatisiya madzulo, mvula ili pakati, mtsinje utadzadza. Foni kuno igwira pachulu pokha. Elinata anakwera pachulupo ndi chimvula chomwecho, nabwera ali chinyowere, ati ndalemba. Ife tinayembekeza lole. Lole kuti? Bokosi linayenda pangolo ngati chimanga. Munthu anawayambitsira bungwe!"

"Ku boma simunauzenso wina? Wachibale, wa kumpingo?"

"Tilibe wathu kumeneko. Ana ali ku Katete, awo tinawaimbira paokha. Ku boma tinadalira uthenga womwewo."

"Ndiye a bungwe sanaoneke ndi mmodzi yemwe."

Anasiya kutola nyemba. "Aa, ndisachimwe. Mmodzi anabwera. Koma anandipempha kuti ndisanene."

Ndinasendeza mpando pafupi.

"Kunali kutangocha, tsiku loika. Anafika panjinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Analowa m'nyumba ya siwa, nagwada apo, nalira misozi yeniyeni. Anasiya shuga ndi nsalu. Inu mudziwa kuti chipepeso chimalengezedwa kumanda, aliyense ndi dzina lake. Iwo anati, amayi, langa lisatchulidwe, ndabwera ngati mwana wa pakhomo, osati wa ofesi. Sanadikire n'komwe kuika. Ndinati koma munthu wodzichepetsa uyu."

"Elinata anawaona?"

"Anali atapita kuchigayo ndi anzake. Pobwera anapeza apita kale."

"Munawafunsa kuti amva bwanji?"

"Ndinafunsa, poti ndinadabwa. Ndinati, mwamva bwanji msanga chonchi, mtsinje uli chidzadzire? Anati, ndaona uthenga wa Elinata pa makina."

Uthengawo sunafike m'bokosi la ofesi. Wouona anayenera kukhala munthu wotsegula bokosi la zinyalala, wodziwa chimene akufunamo.

"Amayi, dzina lawo ndani?"

"Mwandiumiriza ndinu, Mulungu aone. Ndi a Wadson."

*

Ndinawapeza madzulo a tsiku lomwelo akutseka nyumba ya katundu. Anandimwetulira, nayamba kufuna mpando woti apukute. Ndinawauza kuti asavutike.

"Bambo, dzulo munandiuza kuti uthenga wa Elinata simunauonepo chiyambire mvula."

"Ndi momwemo, mayi."

"Bokosi la zinyalala la pa makina mumalidziwa?"

"Ndingalidziwe bwanji ine?"

"Amayi Idesi akupereka moni. Ati shuga uja anawathandiza kwambiri."

Loko anali m'manja mwawo. Anamuyang'ana nthawi yaitali ngati ndi chinthu chachilendo, kenaka anakhala pansi pa sitepe, navula magalasi. Ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo wawo unawatsata kuchokera ku Pembamoyo mpaka pakhomo la ntchito.

Sanakane nthawi yaitali. Matumba ankawachotsa asanamange tenti, n'kugulitsa kwa ogula a kumalire. Za sefa anazimva tsiku limene Melody ankaphunzitsa ogwira ntchito, iwo atakhala kumbuyo ngati akuwodzera. Ankafika m'mawa ena asanabwere, n'kukokera mauthenga a Elinata kuzinyalala, mpaka makina anayamba kugwira okha.

"Komabe ndinkatsegulamo tsiku lililonse, kuona ngati agweradi m'menemo. Tsiku lija ndinapeza uthenga wake. Pamwamba za matumba, monga mwa masiku onse. Pansi pake, a Bonaventure atisiya."

"Mukanauza anzanu, akanafunsa kuti mwauona kuti."

"Ndi chifukwa chake sindinanene."

"Ndiye mukanangotseka, n'kukhala phee. Palibe akanakugwirani. Chimenechi ndicho chandizunguza mutu njira yonse, bambo. Munapitiranji?"

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa chifukwa chimene munthu amamwera madzi.

"Mayi, maliro ndawamva. Ndikanakhala bwanji? A Bonaventure anakumba nawo manda a bambo anga."

Ndinapsa mtima. Munthu uyu anatha kugonetsa minda ya mudzi wonse, anatha kuweramitsa mutu pamsonkhano mayi wosalakwa akunyozedwa, anatha kugona tulo mayiyo ali pasimenti ya m'chitolokosi. Koma kujomba maliro, chimenecho ndiye chinamukanika. Ndipo chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti ndinamumvetsa, chifukwa nanenso ndinaleredwa momwemo. Ndinawauza aimirire, tipite.

*

Loweruka m'mawa, titamaliza zolembalemba, ndinakatsegula chitseko cha Elinata ndekha. Melody anali atabwera kale kudzapereka umboni wake, maso ali ofiira, akuti tsopano akusonkhanitsa mauthenga a Chichewa kuti aphunzitse sefa kuyambira pachiyambi. Anafuna kupepesa, koma Elinata anangomugwira dzanja n'kulisiya.

Ndinauza Elinata zonse, ndi dzina lomwe. Sanakuwe, sanatukwane. Anafunsa ngati mbewu ina yapezeka, ndinati ayi. Anagwedeza mutu, nati ngakhale ikanapezeka, nthawi yobzala yapita.

"Ndinu mfulu, mayi. Ya minibasi ndikupatsani."

Anafika pakhomo la polisi, naima. Panja panali dzuwa, anthu akupita kumsika, koma iye sanaponde sitepe.

"A Sajeni, tsiku londigwira anzanu anabwera ndi galimoto masana, ana asukulu akuona, alimi onse ataima m'mbali mwa msewu. Amayi ena anandilavulira. Lero mukuti ndibwerere ndekha paminibasi, ndikatsike mwakachetechete, ndikayambe kuuza anthu khomo ndi khomo kuti sindinabe? Andikhulupirira ndani? Adzati wahonga apolisi ndi ndalama."

Ine ndinali nditatseka mlandu, koma wake unali usanayambe n'komwe kuzengedwa, ndipo oweruza ake anali anthu a minda ya udzu ija.

"Mukufuna nditani?"

"Galimoto yomweyo. Masana omwewo. Mukaime pamene anaima anzanu, mukanene ndi pakamwa panu."

Ife a zofufuza sitivala yunifomu, ndipo yanga inali pansi pa sutikesi, yothina m'chiuno. Ndinamuuza andidikire pabenchi. Ndinapita kunyumba kukaisita, n'kubwerera kudzakangana ndi bwana wanga za mafuta a galimoto.

Titafika ku Pembamoyo dzuwa lili pamutu, anthu anayamba kutuluka m'nyumba mmodzimmodzi, nkhope zili gwa. Ndinatsika, n'kuzungulira kukamutsegulira chitseko. Elinata anakonza duku lake, koma sanatsike msanga.

"Dikirani pang'ono, a Sajeni," anatero. "Sanakwane onse."